Bedi Limene Ankalidumpha

"Ndikunena pamaso pa nonse, kuti wina asadzati sanamve," anatero dokotala uja akutseka faelo. "Bambowa asamwe mankhwala alionse ochokera kunja kwa wodi ino. Kaya a m'golosale, kaya azitsamba, kaya otsala kunyumba. Tamvana?"

Onse anagwedeza mitu, koma panalibe amene ankamvetsera. A Nambewe, mayi ake a Nickson wodwalayo, maso awo anali pa thumba la dripi lomwe linkadontha pang'onopang'ono. Fletcher, mkulu wake wa Nickson, ankayankha uthenga pafoni. Eunice, mkazi wake, ankalimbana ndi Yankho, mwana wa miyezi isanu ndi inayi, yemwe anali atatambasula dzanja ali kumbuyo kuti akoke kachubu ka bambo ake. Nickson mwini wakeyo anali atapinda mawondo mpaka pachifuwa, akubuula.

Anabwera naye dzulo lake, Lamlungu masana, kuchokera kumudzi kwawo kuseri kwa Nsaru. Nickson anagulitsa soya Lachisanu, n'kusowa masiku awiri. Pobwerako ankanunkha kachasu, akusanza, akuti m'mimba mukubaya mpaka kumsana. Pachipatala cha mishoni ya Chikatolika anamuyeza magazi, anamuunika pamimba, kenako ananena kuti kapamba wake watupa.

Dokotalayo dzina lake anali Pamela. Anali wamfupi, wovala nsapato zamasewera, ndipo msinkhu wake sunkasiyana kwenikweni ndi wa Eunice. Atangochoka, a Nambewe anafunsa chapansipansi:

"Nanga dokotala weniweni abwera nthawi yanji?"

"Ndi omwewa, amayi," anatero Eunice.

"Kamwana aka?"

Nkhani inayambira pa kangolo ka mankhwala. M'mawa uliwonse namwino ankalowa akukankha kangolo kolira mawilo. Ankaima pa bedi loyamba, n'kutenga kabotolo ka ufa woyera, kuthiramo madzi, kukhutchumula, n'kubaya m'kachubu ka padzanja la wodwala. Bedi lachiwiri chimodzimodzi. Bedi lachinayi, la bambo Lameck omwe ankadwala chibayo, chimodzimodzi. Akafika pa bedi lachisanu, la Nickson, ankangosintha thumba la dripi, kumumwetsa mankhwala amadzi oletsa ululu, n'kudutsa.

Lachiwiri Eunice anachita kuwerenga. Mwa odwala khumi ndi awiri a m'wodimo, asanu ndi awiri anabayidwa. Mwa asanu otsalawo, atatu ankadikira kutulutsidwa ndipo mmodzi anali wothyoka mwendo. Wobuula anali Nickson yekha.

"Waona?" anatero a Nambewe. "Anzake akubayidwa. Wathuyu akungomuthirira ngati mpiru wa kudimba."

Kukhitchini ya odikirira odwala, komwe amayi ankaphikira pa mafuwa pansi pa denga la malata, nkhani inalinso ya jakisoni yemweyo. A Imelda, akazi a bambo Lameck, ankayikamba mokweza uku akusadzula ndiwo.

"Athuwa anabwera akupuma ngati nkhuku ya chitopa. Kubayidwa katatu kokha, lero akufunsa ngati kuli nyama. Anu sanayambebe? Aa! Koma anamwino mwawalankhula bwino?"

Eunice anayang'ana chitenje cha a Imelda, cha bungwe la amayi Achikatolika, n'kukumbukira mmene namwino wa m'mawa uja anawasekerera powatchula dzina. A Nambewe nawo anali atachiona chitenjecho. Iwo anali mayi wa Chigwirizano ku CCAP kwa zaka makumi atatu.

"Pepala lija unalemba tsiku lofika lija," a Nambewe anamunong'oneza Eunice, "panali pofunsa mpingo?"

"Panali."

"Unalembapo chiyani?"

"CCAP, amayi."

"Basi. Wadzionera wekha."

Masana a tsiku lomwelo namwino atatuluka kukayankha foni, Eunice anatsegula faelo yomwe inali kumiyendo kwa bedi. Zolemba zambiri zinali zokhotakhota, koma panali mawu ena a zilembo zikuluzikulu, ojambulidwa mzere kunsi kwake: wodwalayu asapatsidwe mankhwala opha tizilombo. Ndiye kuti sikunali kuiwala. Munthu anachita kukhala pansi n'kulemba dala.

Kuyambira pamenepo Eunice ankaona chilichonse. Anaona namwino amene ankasunga makiyi a kabati ya mankhwala, ndi thumba limene ankawaikamo. Anaona wotsuka pansi akutuluka ndi katoni, n'kumutsatira mpaka kudzala, kumene anapeza kuti munali zinyalala zokhazokha. Dokotala Pamela poweruka, Eunice anayang'anitsitsa chikwama chake kuti aone ngati chinali chotupa kuposa m'mawa.

Lachitatu Nickson anadzuka thupi litatentha. Eunice sanathenso kupirira. Anadikira dokotalayo pakhonde la wodi, mwana ali kumbuyo, ndipo atatulukira anamuyamba m'Chingerezi chija cha ku sekondale, poganiza kuti akatero sayesedwa mbuli. Mawu anamuthera pakati. Dokotalayo anamuyankha m'Chichewa.

"Mwawerenga faelo eti? Palibe mlandu, ndi ya amuna anu. Takhalani apa. Munayamba mwapsapo ndi madzi otentha?"

"Eya."

"Dzanja limatupa, limatentha, limapweteka. Tsiku loyambalo mumakhala muli tizilombo?"

"Ayi."

"Kapamba wa amuna anu wapsa chomwecho. Wapsa ndi timadzi take tomwe, tija timagaya chakudya, ndipo chayambitsa ndi mowa. Thupi likutentha chifukwa cha kupsako. Jakisoni amene mukumuonayo ntchito yake n'kupha tizilombo. Bambo a pa bedi lachinayi ali nato m'mapapo. Anuwa tayeza magazi, tayeza mkodzo, tamvetsera m'chifuwa, sitinatipeze."

"Nanga kungowabaya, kuti mwina..."

"Kuti mwina komweko n'kumene kwatipweteka m'zipatala muno. Ndikawabaya lero popanda chifukwa, ndipha tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndipo totsalato tizolowera mankhwalawo. Ndiye sabata yamawa pamalo popsapo pakalowadi tizilombo, poti zimachitika, ndidzawabaya chiyani? Ndikuwayang'ana tsiku ndi tsiku. Tsiku loti jakisoni wafunika, simudzachita kundipempha."

Eunice anayang'ana pansi. Kenako funso lija linangotuluka lokha.

"Si chifukwa choti ndife a CCAP?"

Dokotalayo anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Mayi inu! Inetu ndine wa Sabata. Akanakhala kuti amasankha, woyamba kuthamangitsidwa pano ndikanakhala ine." Kenako nkhope inabwerera mwakale. "Chimene ndikuopa panopa ndi impso. Matenda amenewa amaumitsa thupi. Namwino akupatsani botolo la mizere. Mkodzo wawo wonse muziyeza, muzilemba papepala, ukayamba kuchepa mundiuze. Lero ayambe phala lamadzimadzi, lopanda nsinjiro, lopanda majarini."

Eunice anamva zonse, ndipo zinali zomveka. Koma mtima sunakhale pansi. Anadziuza kuti kulankhula kokoma nakonso amaphunzira kusukulu komweko.

Potembenuka anapeza a Nambewe ataima pakona pa khondelo, ndowa ili m'manja.

"Mumakambirana chiyani m'Chingerezi?"

Eunice anafotokoza mmene akanathera: za dzanja lopsa, za tizilombo tozolowera, za mowa. Atatchula mowa, a Nambewe anaika ndowa pansi.

"Mwana wanga akudwala, inu mukukamba za mowa. Ndiye zosabayazo wavomera?"

"Sanandifunse, amayi. Amangondiuza."

"Mumaseka."

"Amaseka ndi iwowo."

"Phala la mwana wanga ndiziphika ndine," anatero a Nambewe, n'kunyamula ndowa yawo.

Fletcher anabwera madzulo a tsikulo pa njinga yake yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Iye ankaweta nkhumba pafupi ndi msika wa Nsaru, ndipo ankalankhula ngati nthawi zonse ali pamsika pomwepo.

"Alamu anga ophunzira! Ndamva mwayamba kuyendera odwala limodzi ndi madokotala."

"Alamu, musayambe."

"Ine Folomu 4 sindinafike, koma nkhumba zanga zikatentha thupi ndimazibaya. Tsiku lachiwiri zimadya mpaka chodyeramo chomwe."

"Ndiye mng'ono wanuyu ndi nkhumba?"

"Nkhumba zanga zikuoneka bwino kuposa iyeyu. Ndikunama, Nickson?"

Nickson anayesa kuseka, n'kugwira pamimba. Nthawi yoona odwala itatha, a Nambewe anamuperekeza Fletcher kumene anasiya njinga. Anachedwako. Eunice anasuzumira pazenera n'kuwaona ataima pansi pa mtengo wa mango, mitu itagundana. Fletcher anatulutsa kanthu m'thumba la jekete, ndipo a Nambewe anakamanga pansonga ya chitenje. Eunice anafuna kufunsa, koma akanayamba bwanji kufunsa apongozi zimene amanga pachitenje chawo?

Lachinayi m'mawa Nickson anameza masipuni awiri a phala n'kukwinya nkhope.

"Phalali likuwawa."

"Ndi m'kamwa mwako," anatero mayi ake. "Wakhala masiku angati osadya? Meza."

Eunice anatambasula dzanja kuti alaweko. A Nambewe anasuntha mbale.

"Iwe ukuyamwitsa. Usamadye zotsala za wodwala."

Nickson atamaliza, a Nambewe anatuluka nayo mbaleyo nthawi yomweyo kukaitsuka okha. Madzulo zinachitikanso chimodzimodzi. Eunice anaona kuti apongozi ake pophika phalalo ankakhala atamulozetsa msana, ndipo ankamutuma madzi ngakhale ndowa ikhale yodzaza theka.

Lachisanu Nickson anayamba kutsekula m'mimba. Pofika masana anali atapita kasanu, Eunice akumugwirizira ndi dzanja limodzi, linalo litanyamula thumba la dripi. Milomo yake inauma. Mkodzo umene Lachinayi unkafika pa mzere wachisanu wa botolo lija unatsikira pa wachiwiri, ndipo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Eunice anakauza namwino, namwino n'kuitana dokotala.

Dokotala Pamela anayang'ana pepala la Eunice nthawi yaitali. Anatsina khungu la pamkono wa Nickson n'kuona mmene linkachedwera kubwerera. Kenako anayang'ana onse awiri.

"Dzulo ankapita bwino. Kutsekulaku kwachokera kuti? Pali chimene akumwa chomwe ine sindikuchidziwa?"

"Ife ndi anthu opemphera, adokotala," anatero a Nambewe.

"Sindikukana, amayi. Nanga inu, mayi a mwana?"

"Sindinaone kanthu," anatero Eunice. Zinali zoona, koma m'kamwa mwake zinamveka ngati bodza.

Atatuluka panja, a Nambewe anamugwira pamkono.

"Waona zimene ndimanena? Madzi okhaokha. Akulowera padzanja, akutulukira kumbuyo. Ndamuimbira Fletcher. Mawa abwera ndi galimoto. Kuli bambo wina ali ndi kachipatala kake kumsika, amabaya osafunsa mafunso ambirimbiri."

"Amayi, ulendo umenewo ndi mmene alilimu?"

"Ukufuna tidikire mpaka atiuze kuti tikagule nsalu?"

Loweruka m'mawa a Nambewe ananyamula phala kupita nalo kuwodi. Eunice anatsala akutsuka mphika, Yankho akukwawa pamkeka pambali pake. Patapita kanthawi anazindikira kuti mwanayo wakhala chete, kukhala chete kuja kumene mayi aliyense amakuopa. Atacheuka anamuona ali pafupi ndi mafuwa, tsaya likuyenda.

"Yankho! Lavula!"

Anamupisa chala m'kamwa. Chinatuluka ndi kachikhungwa kofiira, kofewa ndi malovu. Kanali theka la kapisozi, kopanda kanthu m'kati. Eunice anamutsuka mwana m'kamwa kawiri, katatu, anamununkhiza, anamuyang'ana m'maso, kenako anamuika kubere. Yankho anayamwa ngati palibe chachitika.

Ndi dzanja linalo Eunice anatenga kamtengo n'kufukula phulusa kuseri kwa fuwa la apongozi ake. Zinatuluka zofiira ndi zachikasu, zina zitasungunuka mbali imodzi. Anasiya kuwerenga atapitirira khumi ndi zisanu.

Anakumana nawo panjira yochokera kuwodi, mbale ili m'manja, yotsukatsuka kale. Eunice anatambasula chikhatho.

"Amayi, izi n'chiyani?"

A Nambewe anayang'ana, osadzidzimuka n'komwe.

"Ndi mankhwala. Amene akumumana aja."

"Yankho anatola, anali nako m'kamwa."

Apo nkhope yawo inasintha. Anayang'ana mwanayo msangamsanga. "Wameza?"

"Ayi. Koma amayi, adokotala ananena tsiku loyamba lomwe..."

"Adokotala anabereka Nickson? Makapisozi amenewa anamwa ali ndi chifuwa, anachira. Anamwa atadzitema ndi chikwanje, anachira. Kumudzi kwathu konse timamwa omwewa. Lero asanduka poizoni chifukwa kamtsikana kalemba m'Chingerezi?"

"Akutsekula chifukwa cha amenewa."

"Akutsekula chifukwa matenda akutuluka." A Nambewe anatsitsa mawu. "Tandiuza, mayi a Yankho. Za mowa wa mwamuna wako wakadandaula kangati kwa ankhoswe? Katatu. Komaliza unanena kuti watopa. Lero dokotala akuti asabayidwe, iwe wavomera msangamsanga, mukusekerera limodzi pakhonde. Anthu akadzandifunsa kumudzi, ndidzati chiyani?"

Eunice anafumbata zikhungwa zija. Ndiye kuti masiku onsewa, iye akuyang'ana chikwama cha dokotala, panali wina amene ankayang'ana iyeyo.

"Ukakanena kumeneko," anatero a Nambewe, "wandivula pamaso pa anthu."

Anadutsa n'kupita kukhitchini.

Eunice anaima panjirapo, chikhatho atafumbata. Bwanji ngati apongozi ake ankanena zoona? Bwanji ngati makapisoziwo ndi amene anamusunga Nickson mpaka lero, ndipo iye akawaletsa ndiye kuti wachotsa chokhacho chimene chinkagwira ntchito? Dokotala akalakwitsa adzalemba m'faelo n'kupita pa bedi lina. Iye adzabwerera kumudzi kwa eni ake a munthuyo.

Analowa m'wodi. Nickson anali chigonere, maso atalowa m'kati. Eunice anawerama n'kusuzumira pansi pa bedi. Chiyambire m'bandakucha, mkodzo wa m'botolo unali usanafike ngakhale pa mzere woyamba.

Anang'amba pepala, n'kukulungamo zikhungwa zija, n'kupita kukagogoda kuchipinda cha dokotala.

Dokotala Pamela sanakalipe. Anazitembenuza ndi cholembera, n'kufunsa kuti ankamwa angati patsiku. Eunice anati sakudziwa. Ndiye dokotalayo anatuma namwino kukaitana a Nambewe, n'kuwafunsa pambali pa bedi, mawu ali pansi, mwaulemu. Koma m'wodi mulibe chinsinsi. A Imelda anasiya kupukuta amuna awo nkhope, nsalu ili m'malere.

"Atatu m'mawa, atatu madzulo," anayankha a Nambewe, maso ali kukhoma.

"Ndikudziwa kuti mumafuna kuthandiza, amayi. Koma awa ndi opha tizilombo, ndipo mwana wanuyu tizilombo alibe. Angokokolola m'matumbo. Madzi amene takhala tikuthira masiku asanu atuluka m'masiku awiri." Anatembenukira kwa namwino. "Tiike dripi yachiwiri dzanja linalo. Titengenso magazi tione impso. Kuyambira lero chakudya cha bedi ili chizidutsa kaye kwa inu."

Mawu omalizawo ndi amene anawapweteka a Nambewe.

"Achira, adokotala?" anafunsa Eunice.

"Impso zatopa, koma sizinasiye. Zikapeza madzi okwanira ndikuyembekeza kuti zibwerera. Sindikulonjezani, ndikukuuzani mmene ndikuonera."

"Nanga jakisoni uja?"

"Lero ayi."

Fletcher anafika cha m'ma 3 koloko ndi galimoto ya hayala. Analowa m'wodi akuseka, koma atamva kwa mayi ake zimene zinachitika, kusekako kunatha. Anapita kwa namwino n'kunena mokweza kuti abwera kudzatenga m'bale wawo. Namwino anaitana dokotala, ndipo dokotalayo anabwera ndi pepala.

"Bambo Nickson ndi munthu wamkulu," anatero. "Akafuna kutuluka sindingawamange. Koma ndinene poyera: kuwachotsa pa madripi amenewa lero, n'kukawabaya mankhwala osadziwika impso zili chonchi, mukhoza kuwataya panjira. Ngati mwatsimikiza, asayine apa kuti atuluka ine nditawaletsa."

Fletcher anatenga pepalalo n'kuliika pachifuwa pa mng'ono wake.

"Sayina, tizipita. Dalaivala akudikira."

Nickson anayang'ana mayi ake. Anayang'ana mkulu wake. Kenako anayang'ana manja ake onse awiri, lililonse ndi kachubu kake.

"Amene analembedwa kuti akundidikirira ndi mayi a Yankho," anatero ndi mawu osasa. "Asayine iwowo."

Anatembenukira kukhoma.

Eunice anakwiya. Munthuyu ankadziwa kuti phala likuwawa, ndipo ankameza. Panopa wasiyanso zonse m'manja mwa mkazi wobwera, iye n'kubisa nkhope. Fletcher anamugwiritsa cholembera.

"Alamu, tisachedwe." M'mawu mwake munalibenso nthabwala. "Mukakana, mudziwe kuti mwamutenga nokha. Chikachitika chilichonse, ife tidzangobwera kudzamva."

Bambo Lameck anadzuka n'kukhala tsonga. Eunice anaika dzanja pachipumi pa Nickson. Chinali chotenthabe. Anayang'ana dokotala uja, kufunafuna pankhope pake chizindikiro choti akubisa kanthu. Anangoona munthu wotopa, akudikira.

Anaika cholembera pabedi.

"Sindisayina."

"Mwati bwanji?"

"Sindisayina, alamu. Akhale."

Fletcher anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. Anatola chipewa chake.

"Amayi, tiyeni. Atsale ndi dokotala mnzake."

"Pita," anatero a Nambewe. "Sindituluka pano masana, anthu onsewa akundiloza."

Dzuwa litapendeka, Eunice anawapeza kukhitchini. Amayi ena ankaphika chamadzulo, koma malo oyandikana ndi a Nambewe anali opanda munthu, ndipo nkhani zinkakambidwa motsitsa mawu. Iwo anali atayala chitenje pansi. Anaikapo bulangeti lawo, buku lawo la nyimbo, kapu ndi sipuni. Ufa anautsanulira wonse m'thumba la Eunice. Nkhuni anaziunjika kumbali yake.

"Amayi, mukutani?"

"Ndinyamuka kusanache, amayi awa asanayambe kukoleza moto. Ndikadikirira minibasi yoyamba kumsewu."

"Khalani, chonde. Ndekha sindingathe, ndi mwanayu kumbuyo. Ndani azimugwira Yankho ndikamapita nawo kuchimbudzi?"

"Wathatu lero."

Eunice anagwada pambali pawo. Yankho anatambasula manja kufuna agogo ake, ndipo a Nambewe anamugwira kaphazi pang'ono, n'kukasiya.

"Nanga kumudzi mukanena chiyani?"

"Ndikauza amalume ake kuti ndamusiya wamoyo," anatero. "Ndikawauzanso amene ndamusiyira."

Anakoka nsonga zinayi za chitenje, anamanga mfundo, n'kukhala pamwamba pa katunduyo.